Maola 47 a Pedro Carmona: kanema wokoma koma wopendekeka

Lamlungu lapitali tidadzazana m'kachipinda ka mnzathu kuno ku Johannesburg kuonera kanema wa mu 2003, The Revolution Will Not Be Televised. Adajambula ndi Kim Bartley ndi Donnacha Ó Briain a ku Ireland. Iwowa adapita ku Venezuela kukajambula za Pulezidenti Hugo Chávez, ndiye chipwirikiti chidawapeza ali m'nyumba ya boma ya Miraflores.

Kwa amene mudajomba, nkhani yake nayi. Pa 11 Epulo 2002 otsutsa boma adaguba mu Caracas, atakwiya kuti Chávez wachotsa mabwana a kampani ya mafuta ya PDVSA. Mfuti zidalira, anthu 19 n'kufa. Akuluakulu ena a asilikali adamutsekera Chávez, ndipo pa 12 Epulo Pedro Carmona, mkulu wa bungwe la eni mabizinesi la Fedecámaras, adalumbira ngati mtsogoleri wongogwirizira. Tsiku lomwelo adathetsa nyumba ya malamulo ndi khoti lalikulu. Mawa lake anthu a m'makomboni adazinga Miraflores, asilikali olondera nyumbayo n'kumutembenukira. Pofika m'bandakucha wa pa 14 Chávez anali atabwerera. Carmona adakathera ku Colombia.

Pamene kanemayu watigwira mtima m'pomwe lamulo la Carmona likuwerengedwa. Akati nyumba ya malamulo yathetsedwa, anthu ovala masuti ali m'manja phuphuphu! Palibe buku likadationetsa bwino chonchi mmene wogwirizira mpando amaiwalira kuti mpandowo ngobwereka.

Koma paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kanemayu akuonetsa otsutsa ngati anthu olemera okhaokha. Chonsecho bungwe lalikulu la apantchito, CTV, lotsogozedwa ndi Carlos Ortega, lidaitanitsa nawo sitalaka ija. Ife apantchito funso lathu n'lakuti, anzathuwo adagwirizana bwanji ndi mabwana awo? Nanga Carmona atawasiya kunja posankha nduna, adataya chiyani? Yankho logwira mtima sitidalipeze.

Pena m'pa mlatho wa Llaguno. Ma TV omwe si a boma adaonetsa otsatira Chávez akuwombera ali pamlathopo, amvekere akuwombera oguba. Kanemayu akuti msewu wapansiwo unali wopanda oguba. Wina wa mu 2004, Radiografía de una mentira, akuti ojambulawa adasokoneza nthawi ya zithunzi. Apa tidakangana mpaka tiyi kuzizira.

Tisapeputse nkhaniyi. Anthu oposa 7 miliyoni achoka mu Venezuela m'zaka zapitazi, ndipo ambiri akutsuka mbale ndi kukonza m'nyumba za eni m'maiko a eni, ngati ife tomwe. Wina adachemerera Carmona, wina adachemerera Chávez, lero onse ali pamzere umodzi wofuna mapepala.

Kanemayu muonereni ndithu, koma mfumu sigamula mlandu itamva mbali imodzi. Mwezi wamawa tionera winayo. Obwera mochedwa, mipando ndi yochepa, mudzaimirira basi.