Magazi Olanda ndi Magazi Opereka: Za Kanema wa I Vampiri

Kanema wa I Vampiri, ndiko kuti opopa magazi, anajambulidwa ku Roma m'chaka cha 1956 naonetsedwa mu 1957. Riccardo Freda analonjeza eni ndalama kuti adzatsiriza ntchitoyo m'masiku owerengeka. Nthawi itamthera anaisiya, ndipo wojambula wake, Mario Bava, anaimaliza m'masiku awiri. Phuma limeneli silibisika: nkhani ya mtolankhani ndi apolisi a ku Paris njosokedwa mothamanga, ndipo siigwira mtima.

Komabe muli chinthu chimodzi choyenera kuchilingalira. Dona wokalamba wa mtundu wachifumu, amene Gianna Maria Canale akusewera, abwezeredwa utsikana ndi magazi a asungwana obedwa. Womthira magaziwo si mfiti ayi, koma dotolo wophunzira. Pofuna kuonetsa kukalamba kwa donayo, Bava analemberatu makwinya a utoto wofiira pankhope ya Canale. Popeza kanemayo ngwopanda mitundu, nyali yofiira inawabisa; atasintha nyali, makwinya anatulukira ife tikupenya.

Luso limeneli lilalika koposa mawu onse a m'kanemamo. Ukalamba unalipo kale. Kuwala ndiko kunanama. Moyo wolanda kwa mnzako suchotsa imfa, ungoiphimba. Buku la Levitiko litiphunzitsa kuti moyo uli m'magazi, ndipo ife paguwa tikweza Magazi amene sanachite kulandidwa, koma Mwini wake anawapereka mwaufulu. Tsono wokonzekera unsembe adzifunse: kodi nkhosa zimene ndidzapatsidwa ndidzazimwetsa, kapena ndidzazipopa?