Titanic tinailira tonse, nanga Joola anailira ndani?

Funsani aliyense wa msinkhu wathu kuti sitima yomwe inamira ndi anthu ambiri ndi iti, yankho libwera funso lisanathe n'komwe: Titanic. Ena tinaionera pa TV ya aneba, ena m'mavidiyo sho a pamsika titapanikizana pa benchi, koma tonse tikudziwa kuti Rose anatsala pathabwa pomwe Jack anauma ndi chisanu m'madzi. Mpaka lero anthu amakanganabe pa Facebook zoti kodi pathabwa paja sakadakwanapo awiri. Ndiye afunseni anthu omwewo za Joola. Ambiri aganiza kuti mukunena dzina la woyimba.

Joola inali sitima ya boma la Senegal. Inagadabuzika panyanja ya Atlantic usiku wa pa 26 Sepitembala 2002, ndipo boma lenilenilo linavomereza kuti anthu 1,863 anafa. Pa Titanic, mu Epulo 1912, anafa pafupifupi 1,500. Tawerenganinso manambalawo. Ngozi yaikulu kuposa inzakeyo, ya ku Africa konkuno, yochitika ambirife titabadwa kale, koma sitikuidziwa. Ina ya zaka zoposa 100 zapitazo tikuidziwa mpaka ndi nyimbo yake.

Sindikubwera kudzanyoza filimu ya James Cameron, ayi. Ndi filimu yolukidwa bwino, ndipo mphoto 11 za Oscar zija sinachite kuba. Cameron anadziwa chinthu chimene aliyense wolankhula pamaliro amachidziwa: nambala siliritsa munthu. Anthu pamaliro amakhala phee mpaka wina ataimirira n'kuwerenga mbiri ya malemu, kuti anabadwa liti, anaphunzira kuti, wasiya ana angati. Apo m'pamene misozi imayamba. Choncho mwa anthu 1,500 aja Cameron sanasankhepo n'mmodzi yemwe. Anapeka awiri atsopano, Jack ndi Rose, nawapatsa nkhope zokongola, natisiya nawo kwa maola atatu kuti tiwazolowere ngati abale. Akamamira, timamva ngati akumira ndi wathu.

Filimuyi imadzionetsanso ngati ili kumbali ya osauka. Timaona zitseko zachitsulo zikutsekereza anthu a kalasi yachitatu pansi pomwe olemera akukwera maboti opulumukirapo. Ndipo mbiri ikuvomereza kuti imfa usiku umenewo inasankha: pafupifupi amayi onse a kalasi yoyamba anapulumuka, pomwe mwa anthu anayi alionse a kalasi yachitatu, atatu anafa. Koma onetsetsani bwino. Jack ndi mmphawi amene filimu inamutulutsa pansi paja, n'kumuveka suti, n'kumukhazika patebulo la mabwana kuti tithe kumukonda. Anzake otsala pansi timawaona akuvina, kenako akuthamanga m'makonde odzaza madzi, basi. Ambiri sitiwadziwa ndi dzina lomwe.

Thabwa tikukanganirana lija lilinso ndi nkhani yake. Mu Titanic munali Matchaina asanu ndi atatu, ndipo asanu ndi mmodzi anapulumuka. Mmodzi mwa iwo anapezeka atakakamira pachitseko choyandama. Cameron anajambula gawo limeneli, koma pokonza filimu analidula. Thabwalo linapita kwa Rose. Amuna asanu ndi mmodziwo atafika ku New York sanaloledwe kukhala m'dzikomo chifukwa cha lamulo loletsa Matchaina kulowa mu America, ndipo nkhani yawo inazimirira mpaka pomwe filimu ya zochitikadi yotchedwa The Six inadzaifukula patatha zaka zoposa 100. Ndiye kuti ngakhale m'kati mwa ngozi yotchuka kwambiri padziko lapansi, chikumbukiro chimasankhabe anthu ake.

Tsono n'chiyani chimene Titanic ili nacho chomwe Joola ilibe?

Poyamba penipeni, mayina. Titanic inanyamuka ku Southampton ndi mndandanda wa okwera wolembedwa bwinobwino, ndipo pamndandandapo panali anthu omwe nyuzi za ku New York zinkawalemba kale tsiku ndi tsiku: John Jacob Astor, mmodzi wa anthu olemera kwambiri nthawi imeneyo, Benjamin Guggenheim, Isidor Straus, mmodzi wa eni ake a sitolo yaikulu ya Macy's, ndi mkazi wake Ida. Atolankhani sanavutike kuti owerenga awamvere chisoni anthuwa. Joola inapangidwa kuti izinyamula anthu osapitirira 600. Matikiti omwe anagulitsidwa tsiku limenelo anangopitirira pang'ono 1,000, ndipo ana aang'ono sankafunika tikiti. Enawo anakwera monga timakwerera ife lole yamatola, polankhulana ndi wina wake pakhomo. Munali amayi ageni opita ku Dakar ndi katundu wawo, munali ana asukulu ambirimbiri obwerera kusukulu tchuthi chitatha. Ankadalira sitimayi chifukwa dera lawo la Casamance lili kummwera, dziko la Gambia linalowa pakati, ndipo msewu unali woopsa chifukwa cha nkhondo ya zigawenga. Mabanja a anthu omwe anafa amanena mpaka lero kuti chiwerengero chenicheni chikuposa cha boma. Munthu amene sanalembedwe pokwera, amavuta kumulemba pomwalira.

Chinanso ndi nthawi komanso mboni. Titanic inatenga maola awiri ndi mphindi 40 kuti imire. Nthawi imeneyi inakwanira kuti oyimba ayimbe, mwamuna atsanzikane ndi mkazi wake, wamantha aoneke mantha ake, wolimba mtima aonekenso. Wolemba nkhani aliyense akuuzani kuti imeneyo ndi sewero lokonzeka kale. Anthu pafupifupi 700 anapulumuka, ambiri odziwa kulemba ndiponso odziwana ndi osindikiza mabuku. Mphunzitsi wina, Lawrence Beesley, anatulutsa buku lake chaka chomwecho. Dorothy Gibson, katswiri wa mafilimu yemwe anali m'sitimamo, anasewera filimu ya ngoziyo patangotha mwezi umodzi, atavala zovala zomwe anapulumuka nazo. Mu 1955 kunabwera buku la Walter Lord, A Night to Remember. Mu 1985 chibade cha sitimayo chinapezeka pansi pa nyanja. Mu 1997 Cameron. Mu 2012 chinyumba chachikulu cha chikumbutso ku Belfast. M'badwo uliwonse winawake amathirapo nkhuni kuti moto usazime. Joola inatembenuzika m'mphindi zochepa chabe, usiku, kuli chimphepo. Anapulumuka anthu 64, ndipo mwa iwo mayi anali mmodzi yekha. Mboni zikachepa chonchi, nkhaninso imachepa.

Koma apa ndipo ndikufuna tiime pang'ono, chifukwa si zoona kuti Joola ilibe sewero lake. Itagadabuzika sinamire nthawi yomweyo. Inayandama chadodolido usiku wonse mpaka masana a tsiku lotsatira, muli anthu amoyo m'kati akugogoda. Oyamba kufika anali asodzi ndi mabwato awo. Opulumutsa anthu a boma anafika mochedwa kwambiri. Tangoganizani maola amenewo. Palibe chomwe Cameron anapeka chimene chingapose kugogoda kumeneko. Vuto ndi lakuti aliyense wofuna kufotokoza maola amenewo ayenera kufunsa kuti: ndani analola anthu pafupifupi 2,000 kukwera sitima ya 600? Ndani anamva uthenga n'kugona? Sitimayi inkayendetsedwa ndi asilikali a dziko. Nduna zingapo zinachoka pamipando, nduna yaikulu Mame Madior Boye inachotsedwa, koma mu 2003 Senegal inatseka mlanduwo poti wolakwa anali kaputeni, yemwe anamira pamodzi ndi sitima. Palibe n'mmodzi yemwe anaimapo m'khoti la m'dzikomo. Mabanja akhala akupempha kuti sitimayo ivuulidwe kuti aike mafupa a abale awo, koma ikadali pansi.

Yerekezani ndi Titanic. Mdani wamkulu kumeneko ndi chiphiri cha madzi oundana, ndipo madzi oundana alibe loya, alibe chipani, sapikisana nawo pachisankho. Mabwana a kampani ya White Star Line, monga Bruce Ismay amene filimu imamuonetsa akuzembera m'boti, anamwalira kalekale filimuyi isanajambulidwe. Kulira Titanic n'kwaulere. Umalira, n'kupukuta misozi, n'kudziona kuti ndiwe munthu wamtima wabwino, popanda wina wokufunsa kuti wachitapo chiyani. Kulira Joola kuli ndi bilu, ndipo oyenera kulipira ena akadali moyo. Maganizo anga ndi amenewa: dziko limakonda kukumbukira masoka omwe salipempha kanthu. Tsoka lomwe likuloza chala munthu wamoyo limakwiriridwa msanga, ndipo nthawi zambiri okwirira ake ndi eni khomo omwe.

N'chifukwa chake sindikhutira ndi yankho lachidule lija loti azungu sasamala za ife. Inde, khungu ndi ndalama zilipo m'nkhaniyi, ndipo tinazionera tokha mu Juni 2023. Pa 14 Juni boti lodzaza anthu othawa kwawo, ochokera ku Pakistan, Syria, Egypt ndi maiko ena, linamira pafupi ndi Pylos ku Greece. Munali anthu mwina mpaka 750; anapulumuka 104, onse aamuna, chifukwa amayi ndi ana anali pansi. Patatha masiku anayi, kasitima koyenda pansi pa madzi kotchedwa Titan kanasowa ndi anthu asanu omwe ankapita kukaona chibade cha Titanic, pa tikiti ya madola 250,000 munthu mmodzi. Ma TV a dziko lonse anayamba kuwerengera maola a mpweya omwe anthuwo anatsala nawo. Mayina awo tinawadziwa, nkhope zawo tinaziona. Koma tinene zoona, abale: pa masitetasi athu a WhatsApp sabata imeneyo panali chiyani? Palibe mzungu anatigwira chala kuti tigawe za Titan n'kudumpha za Pylos. Tinasankha tokha nkhani yokhala ndi wotchi yowerengera, ndi anthu asanu osavuta kuwaloweza, yosatifunsa chifukwa chimene achinyamata anzathu akukwerera maboti obowoka.

Ndipo sitifunika kupita kutali. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira pa nyanja yathu yomweyi, chakumpoto kufupi ndi Chilumba, ndipo anthu 145 anafa. Ku Mangochi, pafupi ndi chipilala cha wotchi chija, pali mwala wa chikumbutso chawo. Ndi angati mwa ife amene tinaimapo n'kuwerenga? Tikudziwa mtundu wa mkanda womwe Rose anaponya m'nyanja, koma agogo a anzathu omwe anatsala pansi pa nyanja ya Malawi sitingatchule ngakhale mmodzi.

Mwina wina akuti, nanga munthu angalire maliro onse? Zoona, mtima uli ndi malire, ndipo wolira Jack sanalakwire aliyense. Sindikunena kuti tichotse misozi pa Titanic n'kuigawa mofanana ngati chimanga cha thandizo. Chomwe ndikukana ndi maganizo oti kukumbukira kumangochitika kokha ngati mvula, kuti ngozi zina mwachibadwa n'zogwira mtima kuposa zinzake. Titanic ikukumbukika chifukwa anthu anagwira ntchito kwa zaka zoposa 100, olemba, ofufuza, ojambula, ndipo pomalizira pake wina anathirapo madola pafupifupi 200 miliyoni. Kukumbukira ndi ganyu, ndipo pafunika womugwira.

Alipo amene anayamba kale. Boubacar Boris Diop wa ku Senegal analemba buku lotchedwa Bàmmeelu Kocc Barma, lomwe linatuluka mu 2017, ndipo analilemba m'Chiwolofu, chilankhulo chomwe ambiri mwa okwera Joola ankamva. Anachita zomwezo zimene Cameron anachita: anapeka munthu mmodzi, mlakatuli wamkazi dzina lake Kinne Gaajo amene anamira m'sitimamo, ndipo mnzake wotsala ndiye akufotokoza za moyo wake. Njira ndi yomweyo, koma yagwiritsidwa ntchito pa anthu omwe dziko linawadumpha. Kwathu kuno malemu Steve Chimombo, m'buku lake la mu 2000 la The Wrath of Napolo, anatenga ngozi ya Vipya, sitimayo naitcha Maravi, n'kutuma mtolankhani kuti akafukule zomwe zinachitika patatha zaka 50. Chimene mtolankhaniyo akukumana nacho ndi anthu osafuna kuti nkhaniyo ifukulidwe. Chimombo anaona msanga kuti kuiwala kumakhala ndi eni ake.

Koma buku la Chimombo lili m'Chingerezi, ndi lalikulu, ndipo kulipeza masiku ano ndi ntchito. M'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chitonga, nkhani ya Vipya ikudikirabe. Ndipo si yokhayi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola anthu ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe, ndipo ena mpaka pano sanapezeke. Zaka zochepa chabe zadutsa, koma kale nkhaniyo yayamba kusanduka nambala ya m'malipoti. Amene anaona ndi maso akadali moyo, ena ndi aneba athu, ena timakwera nawo minibasi. Foni yomwe mukuwerengerapo nkhaniyi ikhoza kujambula mawu awo lero lomwe.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Hollywood sidzabwera ku Chilumba kapena ku Chilobwe, ndipo ikadzabwera idzabwera ndi Jack wake. Ngati muli ndi agogo omwe anamvapo za Vipya, kapena mnzanu amene anataya abale pa Soche, khalani naye pansi. Yambani ndi funso lomwe timayamba nalo pamaliro paliponse: malemuwo dzina lawo anali ndani?