Boma Lifike Pati pa Nyanja Yathu?

Pa mtsutso wa kukula kwa boma, ena amati boma lizichita zonse, pamene ena amati liwasiye anthu adziyendetsere okha. Ife a m'mphepete mwa nyanja tikuona kuti mbali zonse ziwiri zikuphonya, ndipo umboni uli m'madzi athu omwewa.

Kwa zaka zambiri Dipatimenti ya Zausodzi inkayendetsa yokha malamulo a usodzi, koma chambo cha m'nyanja ya Malombe chinatsala pang'ono kutheratu, pakuti alangizi ochepa sakanatha kulondera doko lililonse. M'chaka cha 1993 boma linayamba kugawana udindowu ndi makomiti a m'madoko, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linatsimikizira zimenezi.

Pachilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi m'nyengo ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo utaka ulipobe. Lamulo lodzipangira okha anthu amalisunga.

Komabe amene akutenga Mbenji ngati umboni wakuti boma n'losafunika akulakwitsa. Komiti ya padoko ingathe kulanda neti ya udzudzu kwa msodzi wa bwato, koma ilibe mphamvu pa maboti akuluakulu okoka makoka amene amalowerera m'madzi osaya momwe chambo chimaswanirana. Kumeneko kukufunika boti lolondera, khoti ndi chilango, zomwe ndi boma lokha lili nazo.

Boma lolimbitsa dzanja pa wa bwato, n'kulifewetsa pa mwini boti lalikulu, lakulira kolakwika. Lisiye za padoko kwa eni doko, ligwire zimene mudzi sungathe.