Uta ndi Ndodo Yachifumu: Zida m'Zithunzi za Ortelius ndi Ripa

Pa tsamba loyamba la Theatrum Orbis Terrarum, buku la mapu limene Abraham Ortelius adasindikiza ku Antwerp mu 1570, zigawo za dziko lapansi zidajambulidwa ngati akazi. Ulaya wakhala pamwamba, ndodo yachifumu ili m'dzanja. America wagona pansi wosavala, wagwira chibonga ndi mutu wodulidwa wa munthu, uta ndi mivi zili pambali pake.

Chifukwa china chojambulira akazi n'cha chiyankhulo. M'Chilatini maina awa ndi achikazi, ndipo buku la Martin Waldseemüller la mu 1507 lidatchula dziko latsopanolo America ponena kuti Ulaya ndi Asia adatenganso maina a akazi. M'Chichewa mulibe zotere: dzina loti "dziko" lili m'gulu la Li-Ma, ndipo silisonyeza mwamuna kapena mkazi.

Koma nkhani yagona pa zida. M'buku la Cesare Ripa lotchedwa Iconologia, lomwe lidatuluka ndi zithunzi ku Rome mu 1603, America agwira uta ndi muvi, ali ndi phodo, ndipo phazi lake laponda mutu wolasidwa. Nayenso Ulaya ali nazo zida, zambiri ndithu, koma zaunjikidwa pambali pa kavalo pamodzi ndi mabuku, kadzidzi ndi zoimbira. M'dzanja mwake muli kachisi. Tsono wojambula akutiuza kuti wina ali ndi zida monga chuma chake, pamene winayo iye mwini ndiye chida. Ichi n'chinyengo chaluso, pakuti pa nthawiyo lupanga ndi mfuti za Spain zinali zitagwetsa kale Tenochtitlan mu 1521. Wophedwa ndiye adamgwiritsa muvi.

Africa sadampatse chida chilichonse. Ripa adamuika chinkhanira m'dzanja, mkango ndi njoka pambali, ngati kuti kuopsa kwake n'kwa m'tchire, osati kwa anthu odziwa kusula chitsulo.

Apa pali phunziro kwa olemba mabuku otanthauzira mawu. Liwu loti "chida" limatanthauza mkondo, komanso khasu kapena sompho. Tikafotokoza chithunzi cha Ripa m'Chichewa n'kunena kuti akazi onse awiri "ali ndi zida", liwulo limalowetsa mabuku ndi zoimbira za Ulaya m'thumba limodzi ndi uta wa America, ndipo kusiyana kumene wojambula adakukonza mwadala kumazimirira. Kusiyanako kuli m'aneni: wina "asunga", wina "agwira".