Malo amodzi okha a Tambudzai

Buku la Tsitsi Dangarembga lotchedwa Nervous Conditions ndinaliwerenga koyamba ndili ku sekondale. Nthawi imeneyo ndinkaliona ngati nkhani ya mtsikana wakhama amene anagonjetsa umphawi. Nditalibwereza ndili wamkulu, ndinaona kuti likufunsa funso lowawa: mwana wosauka akapatsidwa mwayi wa sukulu, amalipira ndi chiyani?

Bukuli linatuluka mu 1988, ndipo nkhani yake ikuchitikira ku Rhodesia kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Tambudzai, kapena kuti Tambu, akufunitsitsa sukulu, koma ndalama zochepa za pakhomo zikupita kwa mchimwene wake Nhamo. Iye akulima kamunda ka chimanga kuti adzilipirire yekha fizi. Nhamo akumubera chimangacho n'kumagawira anzake. Kenako mphunzitsi, a Matimba, akumutengera ku Umtali kukagulitsa chotsalacho.

Kale sindinkalabadira zimene zikuchitika ku Umtali. Mapaundi 10 amene akumusunga pasukulu sakuchokera m'malonda. Mayi wina wachizungu akuwapereka mwachisoni, a Matimba atamuuza kuti mwanayu ndi wamasiye. Thukuta lonse la kumunda lija silikanakwana. Chikutsegula chitseko ndi bodza lokomera khutu la mwini ndalama.

Chitseko chachiwiri chikutsegulidwa ndi maliro. Nhamo atamwalira mu 1968, Babamukuru, bambo ake aakulu amene ndi mphunzitsi wamkulu pasukulu ya mishoni, akutenga Tambu kuti alowe m'malo mwake. Tambu sakubisa kuti imfayo sinamukhudze. Ena amamutcha wouma mtima, koma ine mlandu ndimauona kwina. Banja lonse linali ndi malo amodzi, ndipo malowo anali a mwana wamwamuna. Amene anakonza zimenezi si Tambu.

Kumishoni, khalidwe labwino likutanthauza kuthokoza ndi kumvera. Tambu akudya bwino, akuwerenga mabuku, ndipo akuopa kutsutsa munthu amene akumudyetsa. Akuyesa kamodzi. Babamukuru atalamula kuti makolo a Tambu amangitse ukwati wa kutchalitchi ali akuluakulu kale, iye akuona kuti achititsidwa manyazi, ndipo akukana kupita. Chilango chake ndi zikwapu 15 ndi masabata awiri ogwira ntchito za Anna, wantchito wa pakhomopo. Uthenga wake ngwomveka: ukaiwala amene wakukweza, ubwerera kumene ana osauka amathera.

Nyasha, mwana wa Babamukuru amene anakulirako ku England, amayankha bambo ake mosaopa. Ali ndi poyambira, chifukwa nyumbayo ndi yakwawo. Komabe kulimbanako kukumudwalitsa: akumasanza chakudya mwadala mpaka thupi kutha. Dangarembga akuika atsikana awiriwa m'chipinda chimodzi kuti tione kuti womvera ndi wokana, onse akuvulala.

Bukuli lili ndi pofooka. Nthawi zina Nyasha amalankhula ngati mphunzitsi wa mbiri, osati mtsikana wa msinkhu wake. Mathero nawonso ndi othamanga. Tambu akupambana mayeso n'kupita ku Sacred Heart, sukulu ya masisitere kumene atsikana akuda ochepa akupanikizana m'chipinda chimodzi. Wolemba akungotiuza kuti pambuyo pake maso ake anatseguka, osationetsa. Kuti tione mmene sukuluyo inamupweteketsera, tinadikira mpaka 2006, pamene buku lotsatira la The Book of Not linatuluka.

Ndayesapo kumasulira masamba ena m'Chichewa, ndipo ndinakakamira pa Nhamo. Atakhala kumishoni chaka chimodzi, akubwerera kumudzi akunamizira kuti Chishona chamuthawa, ndipo amayi ake akusowa polankhula naye. M'buku la Chingelezi, wowerenga ali kale mbali imodzi ndi Nhamo osadziwa. M'Chichewa zikutembenuka: wowerenga akukhala pamphasa pamodzi ndi mayiyo, akuyang'ana mwana wake akutalikira. N'chifukwa chake ndikufuna bukuli lipezeke m'zinenero zathu. Ana ambiri amene amaphunzira ndi thandizo la achibale kapena la mabungwe amamvetsa Tambu msanga. Amayi awo nawonso ayenera kuliwerenga, chifukwa gawo lina la mtengo wa mwayi umenewu amalipira ndi iwo.