Manja Obweza Kakolo

Kawirikawiri kakolo akaguluka, fupa limathyokanso. Koma nthawi zina, pa mpira kapena pa ngozi ya kabaza, phazi limapotokera kumbali, minyewa yomanga kakolo n'kung'ambika, mafupa ali bwinobwino. Munthu wa ku Chiwamba kapena ku Kabudula zikamuchitikira, amene amamuthandiza nthawi zambiri si dokotala wamkulu wa opaleshoni, koma kiliniko ofesala wa mafupa. Maphunziro a anthu amenewa anayamba mu 1985 pansi pa Dr Edward Blair ndi bungwe la Malawi Against Polio: ankatenga amedikala asisitanti n'kuwasula miyezi 18.

Muoneni ofesalayu pa ntchito. Asanakoke chilichonse, amaika zala pamwamba pa phazi kumva ngati mtsempha ukugunda, n'kufunsa kuti, "Apa mukumva ndikakhudza?" Khungu likakokeka pafupa mpaka kuyera, sadikira za kujambula, poti likhoza kufa. Amapereka mankhwala opha ululu, kenako amapinda bondo. Nzeru yagona pamenepa: katumba amayambira pamwamba pa bondo, ndiye mwendo ukawongoka amalimbana nawe, ukapindika amagonja. Womuthandiza amagwira ntchafu. Iye dzanja lina pachidendene, lina pamwamba pa phazi, amakoka pang'onopang'ono ngati akuvula munthu jombo yothina. Sagwedeza, sathamanga. Fupa likabwerera m'malo, manja ndiwo amayamba kudziwa maso asanaone.

Akatero amamvanso mtsempha uja. Chikhakha choyamba samanga chozungulira mwendo wonse, amachiika kumbuyo kokha kuti kutupa kupeze malo. Ndipamene amatumiza wodwala kukajambulitsa, kuti atsimikize.

Phindu la mphindi zochepazi limaoneka patapita zaka. Ambiri amene anabwezedwa msanga, n'kukhala m'chikhakha pafupifupi milungu 6, amabwerera kumunda ndi panjinga, ndipo kakolo sakhala wogwedera. Chimene chimatsalira ena n'kuuma: phazi limakana kupindikira m'mwamba, kunjuta kumavuta. Ena nyamakazi imawapeza pambuyo pake, makamaka ngati khungu linang'ambika fupa n'kuonekera. Oterowo amafunika kutsukidwa bala kufiyeta, monga ku chipatala cha mafupa cha LION, chimene chinatsegulidwa mu 2023 pa Kamuzu Central.

N'chifukwa chake waluso weniweni sathera pa kudula chikhakha. Amakhazika wodwala pansi, n'kumuonetsa kukoka phazi ndi chitenje m'mawa ndi madzulo, mpaka chidendene chizifika pansi ponjuta.