Khutu la mmisiri wa makina odula miyala

Makina odula miyala akaima, anthu sachedwa kuunjikana. Anyamata amathamangira pa sikilini ya kompyuta kukawerenga uthenga wofiira umene watuluka, bwana amayang'ana wotchi, wina wayamba kale kunena zoimbira foni amene anagulitsa makinawo. Pa shedi ina yodulira miyala kunja kwa Johannesburg, kumene mphwanga amagwira ntchito, ndinaona munthu mmodzi yekha wosathamanga. Anali bambo achikulire, ovololo yawo itatuwa ndi fumbi. Ankafika mwachifatse, manja kumbuyo, n'kufunsa mnyamata woyendetsa makinawo: "Iwe, asanaime amalira bwanji?"

Mwala umene amadula kwambiri pamalopo ndi wakuda wamawangamawanga wa ku Rustenburg, umene amalonda amautcha Nero Impala. Unaumbika pansi pa nthaka zaka pafupifupi 2 biliyoni zapitazo, ndipo lero amapangira matebulo a m'khitchini ndi ziliza. Chimwala chimodzi chocheka, cha mamita 3 m'litali ndi mamilimita 30 kuchindikala, chimalemera makilogalamu oposa 400. Makina a CNC amene amachidula, ambiri ochokera ku Italy kumene kuli makampani ngati Breton, amangotsata manambala amene munthu waika mu kompyuta. Kalipentala akalakwitsa pa thabwa amapala n'kubisa. Mwala ukabenthuka pakona, ndalama zapita.

Chimene bambowa anachigwira ndi chakuti kompyuta ili ngati wodwala: imaloza pamene pakupweteka, koma gwero la nthenda silidziwa. Tsiku lina m'mawa makina anakana kuyamba, uthenga ukuti mutu wa makina sunafike poyambira pake. Mphwanga anati, "Bambo, mota yapsa basi." Iwo sanayankhe. Anazimitsa makina, anatenga kansanza, n'kugwada kumapeto kwa njanji kumene kuli kasensa kochepa ngati chala. Kanali katakutidwa ndi matope otuwa owuma gwa. Atapukuta n'kuyatsanso, mutu uja unayenda mpaka pamalo pake.

Matopewo sangapewedwe. Podula mwala madzi amathira osalekeza kuti dayamondi wa pa macheka asatenthe, komanso kuti fumbi lisauluke. Fumbi limenelo likalowa m'mapapo limadwalitsa nthenda ya silicosis, yosachiritsika, imene inachititsa dziko la Australia kuletsa miyala yochita kuumba m'fakitale kuyambira mu Julaye 2024. Tsono walira mvula walira matope. Madzi akasakanikirana ndi ufa wa mwala amasanduka phala lolowa paliponse: m'masensa, m'njanji, m'masefa, m'timapaipi ta madzi.

N'chifukwa chake kufufuza kwa bambowa kumayambira pa zinthu zonyozeka. Magetsi alipo mokwanira? Ngati anathima ntchito ili mkati, makina abwerere kaye poyambira asanapitirize, chifukwa angakhale ataiwala pamene anali. Mpweya bwanji? Chosinthira zida chimafuna mpweya wa mphamvu pafupifupi ma bar 6, ndipo thanki ya kompuresa ikadzaza madzi chifukwa palibe anaikhetsa, makina amayamba kuzengereza potola chida. Madzi akutuluka m'timabowo tonse? Nanga timbale timene timagwira mwala poukoka ndi mpweya? Kamchenga kamodzi pa labala wa kambale n'kokwanira kulowetsa mpweya, chimwala n'kusuntha pang'ono, mzere wonse n'kukhota. Zonsezi akaziona, m'pamene amayamba kuganiza za mota ndi mawaya.

Koma pamene ndinagomera zenizeni ndi pa macheka. Masana ena kulira kwa makina kunasintha, kuchoka pa kufuula kosalala n'kukhala kulira kowuma, ngati kwa chigayo chopanda chimanga. Nambala yosonyeza mphamvu imene mota ikukoka inkakwera, liwiro lodulira likutsika. Mnyamata ankafuna kuchotsa macheka aja n'kuika atsopano. Bambo aja anaimitsa makina, anadikira mpaka zonse zitakhala bata, n'kuyendetsa chala chachikulu pa mano a macheka. Anali osalala ngati galasi.

"Gwira apa," anatero. "Mano alipo, koma atseka maso."

Nkhani yake ili motere. Dzino lililonse ndi timibulu ta dayamondi tokwiriridwa m'chitsulo. Kuti macheka adule, chitsulocho chiyenera kuperepeseka pang'onopang'ono, timibulu tobuntha tigwe, tatsopano tituluke. Chitsulo chikakana kutha, timibulu takale timangosalala, macheka n'kumapukuta mwala m'malo moudya. Apa m'pamene nzeru za wamba zimalephera: mwala wolimba umafuna macheka a chitsulo chofewa, pamene mwala wofewa wamchenga umafuna a chitsulo cholimba. Mankhwala ake anali pakona ya shedi, kachidutswa ka mwala wamchenga. Anakadula kangapo, mchenga uja unapala chitsulo, dayamondi watsopano anatuluka, ndipo kulira kwakale kunabwerera. Macheka amene akanatayidwa anagwirabe ntchito.

Mwala nawonso amauwerenga. M'mphepete mwa tebulo mukatuluka timafunde tating'ono, tooneka pokhapokha ukayang'ana mopendeka poyera, iwo amadziwa kuti chida chikugwedezeka. Amachichotsa n'kuyang'ana khosi lake losongoka limene limalowa mu spindle, chitsulo chimene chimazunguza chidacho. Kachitsotso kochepa kapena dzimbiri pamenepo kamapendeketsa chida, ndipo chikamazungulira maulendo masauzande pa mphindi, kupendekako kumalembeka pa mwala. Akapukuta khosilo mafunde osatha, ndiye kuti nkhani yafika pa ma bearing a spindle.

Ali ndi lamulo limene salola mnyamata kuliphwanya: sintha chinthu chimodzi, yesa, kenako usinthe china. Ukasintha zitatu nthawi imodzi makina n'kuchira, sudzadziwa chimene chinawachiza, ndipo mawa akadwalanso udzayambira pachiyambi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'thumba la ovololo amasunga kabuku kothimbirira, mmene amalemba tsiku, uthenga umene unatuluka, mwala umene ankadula ndi chimene chinathandiza. Amadziwanso polekezera. Bokosi la magetsi salitsegula asanazimitse ndi kukhoma switchi yaikulu, n'kudikira kuti mphamvu yotsalira ithe. Spindle ikafuna kuphwasulidwa amaitumiza kwa eni ntchitoyo, osachita manyazi.

Ntchito yawo yambiri imagwiridwa pamene palibe chawonongeka. Madzulo anzawo akamasamba m'manja, iwo amakhala ali ndi paipi, kutsuka njanji, kupukuta malabala a timbale tija, kukhetsa thanki, kuthira girisi. Tsiku limene ndinkatsanzika, anyamata ankakweza m'galimoto chiliza chakuda, chowala ngati madzi a pachitsime, dzina la malemu litalembedwa mizere yowongoka. Bambo aja anachiyendetsa chikhatho m'mphepete kuyambira pamwamba mpaka pansi, pang'onopang'ono, ngati akusisita mwana. Sanapeze pokola chala. Anagwedeza mutu kwa dalaivala kuti anyamuke, n'kubwerera kukatola paipi yawo.